Chaka Chimene Ndidali Makutu a Ababa

Ndikukumbukira ntchito yanga yoyamba, ngakhale idali ntchito yopanda dzina, imenenso ndidaletsedwa kuuzako munthu. Ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mtsikana wowonda wa miyendo ngati ya kakowa, ndipo ntchitoyo idali yokhala makutu a bambo anga.

Ababa, a Makwinja, adali dalaivala pa esiteti ya fodya ya a Kadzuwa, m'mapiri a ku Ntchisi, chakumtunda kwa Malomo. Kwawo kudali ku Phalombe. Adabwera kuno ali mnyamata kudzalima utenanti, n'kukwera pang'onopang'ono kuchoka pa khasu kufika pa thirakitala, kenaka pa chiwongolero cha pikapu yoyera ya abwana. Chifukwa cha chiwongolero chimenecho ife tinkagona m'nyumba ya malata pafupi ndi zigafa, pamene anzanga, ana a matenanti, ankagona m'tinyumba ta udzu todontha. Sindibisa, ndinkayenda mokweza mapewa. Chimene sindinkachiganizira n'chakuti nyumbayo sidali yathu. Idali ya aliyense amene wasunga makiyi a galimoto.

Ababa ankadziwika ndi khutu lawo. Galimoto ikamakwera phiri, isanaonekere n'komwe, iwo ankanena kuti ndi ya yani ndiponso ikudwala chiyani, ndipo kawirikawiri ankalondola. Madalaivala anzawo ankawaimitsa pamsewu kuti angowamverera injini. "Galimoto imalankhula," ankatero, "koma eni ake amayatsa wailesi."

Dzinja la chaka chimenecho adadwala malungo aakulu, aja opita kumutu. Adachira, tidathokoza Mulungu, koma adadzuka ndi makutu otseka. Lakumanzere lidaferatu. Lakumanja lidatsala ndi mawu aakulu okha, a bingu, a ng'oma, a mwamuna akakweza mawu pafupi. Mluzu, mbalame, kulira kwa khanda, zonsezo zidapita. Ife tidazindikira tsiku limene mng'ono wanga adapsa ndi phala kumbuyo kwawo, n'kulira mpaka agalu kuuwa, iwo ali phee kumanga zingwe za nsapato.

Madzulo ake Amayi adandikokera kuseri kwa khitchini.

"Fele, za makutu a bambo ako zithere m'nyumba muno," adatero. "Abwana akangodziwa alanda makiyi, ndipo makiyi akapita, malata awanso apita. Wandimva?"

Ndidawamva. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ndi tchuthi chonse, ndinkakhala kutsogolo kwa galimoto pambali pa Ababa, dzanja langa lili pafupi ndi bondo lawo. Galimoto ina ikaimba hutala kumbuyo, ndinkawatsina. Okwera kumbuyo akafuula kuti atsike, ndinkawagogoda. Abwana akalankhula atayang'ana kumbali, pamene Ababa sakadatha kuwerenga milomo yawo, ndinkabwereza mawuwo mokweza ngati mwana wolongolola: "Eti Ababa, abwana akuti mukatenge ziguduli ku sitolo?" Anthu ankaseka kuti mwana ameneyu ndi nkhupakupa ya bambo ake. Masiku a sukulu Ababa ankapita okha, Amayi n'kutsala akupemphera korona uku akusesa.

Ababa adandipatsa dzina latsopano, Kandimverere. Tikamanyamuka ankandigwira khutu n'kunena kuti, "Iwe Kandimverere, usakanene za m'maluwa." Ndinkaseka, komabe mtima unkandilemera. Ndinkaona mmene maso awo ankathamangira pa milomo ya anthu, ndi mmene ankasekera mochedwa pang'ono anzawo akaseka.

Kaphokoso kena kadayamba pa galimoto m'nyengo yozizira, sukulu titatsekera, fodya akudindidwa pa jeke, mabelo akutsika ku depoti ya ku Malomo kumene lole inkawatenga kupita nawo ku okushoni. Poyamba ndidaganiza kuti wina wakwera ndi anapiye m'dengu. Kadali ka tswi, tswi, tswi, kochokera pansi pa mapazi anga, kofulumira galimoto ikafulumira, kenaka n'kusowa mu mkokomo wa msewu. Patapita masiku kadapeza mnzake. Ababa akangolowetsa giya n'kunyamuka, pansi pankamveka khu, ngati wina wamenya mtondo kamodzi n'kusiya.

Ndidawauza. Adamwetulira, nati ndi masipuling'i auma ndi fumbi, ndipo adawathira oilo wakuda. Mawa lake anapiye aja adali pompo. Ndidawauzanso, ndipo ulendo uno nkhope yawo idasintha.

"Udayendetsapo galimoto iwe?" adandifunsa. "Ntchito yako ndi hutala ndi anthu. Za zitsulo undisiyire."

Adali asanandikalipirepo chotero. Ulendo wonsewo misozi idali lendelende, tswi-tswi uja akundiboola m'mutu. Lero ndimamvetsa kuti sindidawauze za galimoto yokha. Ndidawauza kuti mwana wa Sitandade 6 wamva chimene iwo, a Makwinja a khutu lotchuka, sadamve. Kunjenjemera kwa pansi ankakumva ndithu ndi mapazi, koma misewu ya kwathu nthawi ya chilimwe imakhala ngati malata, ndiye chilichonse chimanjenjemera, ngakhale mano m'kamwa.

Mmawa wina a Kadzuwa adatipeza tikupukuta galasi. Adali munthu wamfupi, wachangu, wosakonda kubwereza mawu. Adagogoda boneti n'kufunsa ngati galimoto ili bwino, chifukwa sabata imeneyo mabelo onse amayenera kutsika.

"Ili bwino, bwana," adayankha Ababa. "Ili ngati wotchi."

Ndidayang'ana pansi, n'kumapukuta malo amodzimodzi.

Pakati pa esiteti ndi Malomo pali chitunda chimene tinkachitcha pa Gwiritsa, chifukwa galimoto ikayamba kutsika aliyense amauza mnzake kuti gwiritsa. Msewu umapinda kawiri m'mbali mwa phompho, ndipo pansi pali kamlatho ka matabwa. Pikapu ya esiteti sinkanyamula mabelo okha. Pamwamba pa mabelo pankakhala azimayi opita ku chigayo, ena ku sikelo ndi ana kumsana, chifukwa galimoto ina kumeneko kudalibe, ndipo palibe dalaivala wa mtima amene akadawasiya. Mawa lake titanyamuka, pakati pawo padali amake Dalitso, oyandikana nafe nyumba, ali ndi Dalitso wawoyo kumsana, khanda la masaya amene ndinkakonda kutsina.

Tili pakati pa chitundacho Ababa adasintha giya, ndipo khu uja adamveka mwamphamvu kuposa kale lonse, mpaka mayi wina kumbuyo adafuula kuti mayo. Pansi padanjenjemera ngati chigayo. Sindidawatsine, sindidawagogode, ndidangowayang'ana. Ndidaona phazi lawo likunyamuka pang'ono, nsagwada zitalimba. Zimenezo adazimva ndi thupi.

Tidatsitsa mabelo ku depoti. Kenaka Ababa adakhotetsa galimoto kulowera kuseri kwa msika, pansi pa mkuyu pamene a Yobu ankakonzera magalimoto. A Yobu adali bambo wonenepa wa ovolosi yong'ambika m'mawondo, mnzawo wa Ababa wa kalekale.

"Lero kwagwanji kuti sing'anga abwere ngati wodwala?" adaseka a Yobu. "Ikulira bwanji, a Makwinja?"

Funso limenelo ndi loyamba kwa makaniko aliyense, ndipo Ababa adalibe yankho lake. Ndidaona thukuta pamphumi pawo ngakhale kunkazizira. Kenaka adandikankhira kutsogolo.

"Mwanayu amatengera bwino mawu," adatero. "Tawalirira, Fele."

Ndidaima pakati pa matayala akutha ndi anyamata opaka oilo, n'kulira ngati galimoto. Tswi, tswi, tswi, pang'onopang'ono, kenaka mofulumira. Ndiyeno khu. Anyamata aja adafa ndi chiseko. A Yobu adasekanso, koma chiseko chawo chidatha msanga. Adandifunsa ngati khu ameneyo amabwera ponyamuka ndi pobwerera m'mbuyo, ndidavomera. Adayang'ana Ababa nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo, mawu onse amene adalankhula adawalankhula mokweza, atasendera ku khutu lakumanja la mnzawo, ndipo sadafunse chilichonse. Mpaka lero ndimawalemekeza bambo amenewo chifukwa cha funso limene sadafunse.

Adatsekera matayala ndi miyala, nachotsa galimoto mu giya, nayala thumba pansi. Adalowa iwo kunsi kwa galimoto, adalowa Ababa, kenaka dzanja la Ababa lidatuluka kundikodola. "Bwera nawe, mlandu ndi wako."

Ndidali ndisanaonepo galimoto chakumimba. Kunkanunkha fumbi lotentha ndi dizilo. Pakati padali chitsulo chachitali ngati munsi, chochokera ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo. A Yobu adati imeneyo ndi shafiti, ndiyo imatenga mphamvu ya injini kukapereka kumbuyo. Kumapeto kwake konse kuwiri kudali kachitsulo kooneka ngati mtanda, kamene amakatcha kolosi, kamene kamalola shafitiyo kupindika galimoto ikamadumpha mabampu uku ikuzungulirabe. Kolosi yakumbuyo idali yakuda, yonyowa ndi girisi. Yakutsogolo idali youma, ndipo m'mbali mwake mudatuluka kaufa kofiira ngati fodya wa mphuno.

"Ufa umenewu ndi tisingano ta m'kati," adatero a Yobu. "Tadyana tokha. Tagwirani."

Ababa adagwira shafiti n'kuipotokola uku ndi uku. Idasewera, khwe-khwe, ngati dzino logwedera. Adabwerezanso. Dzanja lawo lidakhala pamenepo nthawi yaitali, zala zikupapasa kaufa kaja. Ndidali nditagona pafupi nawo kwambiri moti ndinkamva kupuma kwawo. Chimene ndidakhala ndikuwauza masabata onse aja tsopano chidali m'manja mwawo, ndipo sindidasangalale ngakhale pang'ono.

Adafunsa ngati girisi angaithandize kumaliza mabelo.

"Girisi amadyetsa chamoyo, a Makwinja, saukitsa chakufa," adayankha a Yobu. "Angotseka pakamwa phokosolo. Ikadakhala yakumbuyo sindikadaopa kwambiri, ikaduka shafiti imangokhwekhwereza pansi. Koma iyi ndi yakutsogolo. Ikaduka muli pa liwiro, shafiti imabaya msewu ngati mkondo, galimoto n'kukwera pamwamba pake. Ingathe kuyenda mwezi, ingathe kuduka madzulo ano. Tsoka silinunkha."

Kolosi yatsopano idayenera kuchokera ku Lilongwe, ndipo wolamula zimenezo adali mwini galimoto. Tidabwerera pang'onopang'ono ngati tanyamula mazira. Titafika pansi pa Gwiritsa Ababa adaima n'kuuza onse kuti atsike akwere chitundacho wapansi, ine ndemwe. Azimayi adadandaula, ufa uli m'galimoto, ana ali kumsana. Amake Dalitso adandifunsa ngati bambo anga ayamba kunyada masiku ano. Ndidati sindikudziwa.

Dzuwa likulowa, Amayi ndi Ababa adakhala pakhonde, ine ndikusenda mbatata chapafupi. Amayi sakadatha kunong'ona, chifukwa Ababa sakadamva, ndiye ankalankhula ndi milomo yotambasuka, mawu ochepa, misozi ikutsika.

"Auzeni abwana kuti yayamba lero."

"Chitsulo chimenecho sichidathe lero. Aliyense wochiona adziwa," adayankha Ababa.

"Ndiye pakani girisiyo, mumalize mabelo, mudzanena pambuyo. Tipita kuti ndi anawa? Ku Phalombe mulinso ndi munda inu?"

Amayi sadali munthu woipa. Adali atawerenga ana awo, monga mmene mayi aliyense amachitira, ndipo ine ndidali mbali yawo. Ndinkafuna girisi. Ndinkafuna kuti phokoso lija litsekedwe pakamwa, ine ndipume. Ababa adawayang'ana milomo kwa kanthawi, kenaka adatembenukira ku zigafa. Munthu wosamva ali ndi mwayi umodzi wokha, akatopa ndi mkangano amangoyang'ana kumbali.

Mmawa adandidzutsa kuti ndiwaperekeze. Tidawapeza a Kadzuwa pa jeke, matenanti akudinda mabelo, fungo la fodya lili kutsamwitsa. Ababa adafotokoza za kolosi, nati galimoto isayende mpaka itasinthidwa. Abwana adamvetsera manja ali m'matumba.

"Dzana lomweli mwandiuza kuti ili ngati wotchi," adatero. "Lero yatha? Chitsulo sichitha usiku umodzi, a Makwinja, chimayamba chalira. Ndipo khutu lanu limadziwika mpaka ku boma. Chingalire masabata inu osachimva? Apa mwapangana ndi Yobu, ndikukuonani. Pakani girisi, mabelo atsike. Lole sidikira munthu."

Pamenepo ndidaona msampha umene tidalimo, ngakhale ndidali mwana. Abwana sankakana chifukwa chokayika Ababa. Ankakana chifukwa chowakhulupirira. Khutu lotchuka lija ndilo linkasunga kolosi yakufa pa galimoto, ndipo kuti kolosiyo ichoke, khutulo lidayenera kuchoka kaye. Ndidawagwira malaya Ababa, ndikupempha mumtima kuti angonena kuti chabwino bwana.

Ababa adavula kapusi.

"Bwana, yakhala ikulira kalekale. Ine sindidaimve. Adaimva ndi mwana uyu, ndipo atandiuza ndidamukalipira. Makutu anga adatha ndi malungo aja. Zimene ndidakuuzani dzana musazikhulupirire."

Jeke idaima. Anthu onse adangoti kukamwa yasa. A Kadzuwa adazungulira pang'onopang'ono n'kukaima kumbuyo kwathu, ndipo adaitana ndi mawu wamba, osakweza: "A Makwinja."

Dzanja langa lidanyamuka lokha, monga lidazolowerera, kuti likawatsine. Koma Ababa adali atalidikira. Adaligwira pa mkono n'kulifinya mpaka kupweteka, maso ali kutsogolo. Abwana adaitananso. Ababa adangoima, kapusi ili m'dzanja linalo, akuyang'ana mabelo. Sindidalirepo kulira kopanda mawu ngati kwa mmawa umenewo.

Tsiku lomwelo a Kadzuwa adatuma munthu ku Lilongwe. Galimoto idaima, mabelo adatsika pa ngolo za ng'ombe, lole idachedwa, ndipo abwana adayenda masiku amenewo nkhope ili gwa. Kolosi itafika, Ababa ndi a Yobu adaiika limodzi pansi pa mtengo wa kuseri kwa ofesi. Yakale ija itatuluka, tizipewa take tidangoyoyoka, m'kati muli dzimbiri lokhalokha. Imeneyo idali ntchito yomaliza ya Ababa pa galimoto imeneyo.

Sindinganene kuti a Kadzuwa adali ankhanza. Adawaitana Ababa ku ofesi, nawathokoza, nawauza kuti sangaike anthu pa galimoto ya dalaivala wosamva hutala. Ndakhala ndikufuna kuwada chifukwa cha mawu amenewo, koma ndimalephera, popeza sadaname. Adatilola kukhala mpaka msika wa fodya utatsekedwa. Kenaka makiyi adapita kwa mnyamata wina wa ku Mponela, ndipo malata adatsatira makiyi monga adaneneratu Amayi.

Tidasamukira kwawo kwa Amayi, kufupi ndi Mtengowanthenga ku Dowa. Ababa, munthu wa imvi m'mphepete mwa makutu, adakayamba chikamwini chimene anzawo amayamba ali anyamata, kulima munda wa eni, kugona m'nyumba yobwereka ya malume anga. Alamu awo ankawaseka pamaso pawo pomwe, podziwa kuti sakumva. Ine ndinkamva zonse.

Katundu wathu adanyamulidwa ndi pikapu yomwe ija. Amayi ndi mng'ono wanga adakhala kutsogolo ndi dalaivala watsopano, amene adayatsa wailesi tisanatuluke n'komwe pa geti. Ababa ndi ine tidakhala kumbuyo pa matiresi, pakati pa mapoto ndi nkhuku. Titayamba kutsika pa Gwiritsa adasendera kwa ine.

"Kandimverere, ikulira bwanji?"

Ndidatchera khutu ndi mtima wonse. Ndinkafuna nditapeza kaphokoso, kalikonse, kuti ndiwauze kuti popanda iwo galimotoyi siyenda bwino. Kudalibe. Kudali injini, miyala, ndi nyimbo ya pa wailesi.

"Sikulira, Ababa."

Sadandimve. Ndidapukusa mutu. Adaika chikhatho pansi pa galimoto, nachisiya pomwepo mpaka titawoloka kamlatho, kenaka adagwedeza mutu ngati munthu amene walawa ndiwo n'kupeza kuti mchere wakwana.

Ndidakwiya zaka zambiri. Ndidakwiyira Ababa, ndidakwiyira makutu anga. Mvula ikamadontha pa mphasa yanga ndinkakumbukira mawu a a Yobu akuti ingathe kuyenda mwezi, ndipo ndinkawerengera kuti mabelo adatsala a sabata imodzi yokha. Mwina girisi akadatifikitsa. Palibe amene adzadziwe, ndipo zimenezi zimandisautsa mpaka lero. Amayi adamwalira asanasiye kunena kuti tikadakhalabe m'nyumba ya malata. Ababa sadawayankhepo, ndipo sindikudziwa ngati ankawamva.

Chaka chatha ndidapita ku Malomo ku maliro a mnzanga wa ku sukulu. Nditatsika minibasi anyamata a kabaza adandizinga, ndipo mmodzi wa iwo, wamtali, wa masaya odzaza, anzake ankamuitana kuti Dalitso. Ndidamufunsa za amake ndi za esiteti, ndipo adali yemweyo. Ali ndi ana awiri. Adandinyamula pa njinga yake, akundifotokozera za kukwera kwa mitengo ya matayala ndi mwana wake amene wayamba kuyenda. Dzina la Makwinja sadalimvepo. Amake adangomuuzapo kuti kale kudali dalaivala wina wonyada amene adawayendetsa wapansi pa Gwiritsa, iye ali kumsana.

Ndidafuna kumuuza, koma ndikadamuuza chiyani? Ngozi imene sidachitike ilibe manda, ilibe tsiku, ndipo palibe amene amathokoza nayo. Ababa ankadziwa zimenezo pamene ankavula kapusi ija. Ankadziwa kuti chimene akutaya tidzachiona tsiku ndi tsiku, pamene chimene akupulumutsa palibe adzachione, ngakhale iwo eni. Ine zidanditengera msana wa mnyamata ameneyu, wotuluka thukuta patsogolo panga pa chitunda, kuti ndichione.

Tcheni cha njinga yake chinkalira tswi, tswi, tswi. Nditatsika ndidamuuza kuti akachionetse.